Chifuwa cha a NyaMunthali

Bokosi la a NyaMunthali ndinaligula pa mtengo woyamba. Kalipentala atatchula mtengo, ine ndinangoti chabwino, kwezani m'galimoto. Bamboyo anangoima, pensulo ili kukhutu, kudikira kuti ndiyambe. Amandidziwa. Mumsika wa Karonga palibe amene sandidziwa. Ndine uja wa zitenje za ku Tanzania, amene anthu anandipatsa dzina loti Beigani chifukwa ndikangowoloka pa boda ya Songwe, mawu oyamba kutuluka pakamwa panga ndi ofunsa mtengo, moni amabwera pambuyo. Ndinanenererapo mtengo wa jakisoni singano ili kale m'thako.

"Achimwene, mukudwala?" anafunsa kalipentala uja.

"Ayi."

"Ndiye nenani kanthu. Mtengo umenewu ndaukweza dala poona kuti mwabwera ndinu."

Ndinangotulutsa ndalama. Anatsitsa yekha, akuyang'ana kumbali.

Tinawaika m'manda Loweruka, kwawo ku Vinthukutu. Sindinalire, ndipo mpaka lero misozi sinabwere. Ndimadzuka, ndimayala zitenje, ndimapinda zitenje, ndimagona. Akazi anga akuti ndikudya ngati munthu wochita kutumidwa.

Anthu akubalalika kumanda kuja, wina anandikoka buluku. Anali a Harawa a ku Ngara, msodzi wakale wa mwendo umodzi, ali pa njinga yawo ya matayala atatu yopalasa ndi manja. Tayala lakumanzere linali lomangamanga ndi mphira ndi zingwe za ukonde.

"Latha ili," anatero. "Ndibwera Lachinayi ku kalabu kwanu kudzagula lina. Ndipo iwe usandibere."

Ndinavomera, ndinati yewo, adada. Koma ndinkadziwa kuti tikadzangowapatsa tayalalo mwaulere, adzatsika panjingapo, n'kuisiya pakhomo pathu, n'kubwerera m'nyumba ija momwe a NyaMunthali anawatulutsa movutikira. Ndinkadziwanso kuti malonda a mtundu umenewu sindinawachitepo mayiwo palibe.

Kalabu yathu ndi ya anthu wamba: amalonda, aphunzitsi, ndi ena othandiza anthu kuombola katundu pa boda ya Songwe. Timakumana Lachinayi lililonse m'chipinda chosungiramo mpunga kuseri kwa sitolo ya Che Sumaili. Timalankhula Chichewa chifukwa cha iwowo. Ndi a ku Mangochi, ndipo ngakhale akhala kuno mpaka kumera imvi, Chinkhonde amachimva pokhapokha wina akuwanena. Sabata ino atsegula ndi pemphero Mkhristu, sabata yamawa Msilamu. Kenako wapampando, a Msukwa, amagogoda botolo ndi supuni, ndiye kuti msonkhano wayamba. Timasonkha zomwe tingathe, akufuna kwabwino ena amationjezera, ndipo timagula mabulangete, malata a omwe nyumba zawagwera, sopo, yunifolomu za ana amasiye, nthawi zina njinga za olumala.

A NyaMunthali anali namwino wopuma pantchito. Anali aafupi, a mawu aakulu, ndipo magalasi awo anali omangidwa ndi bandeji mbali imodzi. Patebulo sanakhalepo. Malo awo anali kireti ya mabotolo yovundikira, pafupi ndi khomo. Ankati pamenepo m'pabwino chifukwa abambo akayamba kudzimvera kukoma polankhula, munthu umangonyamuka osagunda aliyense. Ndipo ankanyamukadi. A Msukwa akafika pa mawu oti "pomaliza" kachitatu, tinkangoona kireti ili yokha.

Musaganize kuti anali munthu wofewa. Shuga wa tiyi wa pamsonkhano ankathira okha, ndipo ukapempha wina ankakufunsa ngati miyendo yako sukuifunanso. Ankatha kukuimitsa pakati pa msika, n'kukukoka chikope, n'kulengeza kwa onse ogula kuti magazi achepa. Abusa ena atawatchula dzina m'tchalitchi powathokoza kuti anathandiza mwana wamasiye, anasiya kuwapatsa moni mpaka abusawo anasamutsidwa. Ankasunga mkwiyo ngati mpunga wa mbewu.

Mkangano wawo waukulu ndi a Msukwa unayamba chaka china madzi atasefukira. Tinapita ndi mabulangete pabwalo la sukulu ina pomwe anthu anathawira. Tinapachika chinsalu cholembedwa dzina la kalabu, wojambula tinali naye. Pamzere panali mayi wina wachikulire amene tonse tinkamudziwa, mlimi wa mpunga yemwe pakhomo pake anthu ankadyerapo pa maliro alionse a m'deralo. Anagwada, analandira. Wojambula anati chithunzi sichinatuluke bwino, agwadenso. Anagwadanso. Gulu litabalalika, bulangete lija tinalipeza pansi pa mtengo, lopinda bwinobwino.

A NyaMunthali analitola, ndipo Lachinayi lotsatira analiyala patebulo, pamaso pa a Msukwa.

"Amama, otithandiza amafuna zithunzi," anatero a Msukwa. "Popanda chithunzi aziti tadya."

"Jambulani mabulangete. Jambulani mimba zanu. Maondo a anthu muwasiye."

"Nanga tigawe mumdima ngati akuba?"

"Tisagawe. Tizigulitsa."

Anakangana masabata angapo, ndipo a Msukwa anaopseza kutula pansi udindo, koma palibe anawaletsa, ndiye sanatule. Mapeto ake linakhala lamulo: katundu amajambulidwa m'chipinda mwathu ife titaima kumbuyo kwake ngati asodzi agwira nsomba yaikulu, koma akatuluka pakhomo, kalabu sipereka chinthu, imagulitsa. Ndalama sitilandira. Mtengo ndi chomwe munthuyo ali nacho: tsache, mazira, mkeka, phava la nthochi, chinangwa. Zodyedwa zimapita kwa odikirira odwala kuchipatala. Ndipo pazikhala kunenerera kwenikweni, chifukwa a NyaMunthali ankati kuno chinthu chopita popanda mkangano chimakhala chakuba kapena chachisoni, ndipo chachisoni chimayabwa kuposa chakuba.

Apa ndi pomwe ine ndinalowera. A NyaMunthali anandipeza pabenchi langa mumsika.

"Iwe Beigani, ndikufuna munthu wopanda manyazi."

"Amama, manyazi ndili nawo."

"Unandigulitsa chitenje chosuluka ukulumbira pa manda a amayi ako. Amayi akowo ndinawayeza magazi sabata yomweyo."

Ndinayamba ntchito Loweruka lake.

Kachitidwe kake kanali kotere. Ine ndimafika ngati wamalonda amene katundu wamukanirira. Ndimayambira kumwamba: bulangete limodzi, mbuzi. Mwini wake amandinyoza, anansi amasonkhana. Ndimadziguguda pachifuwa, ndimatchula ana anga ndi ena omwe sindinabereke, ndimanyamula katundu ngati ndikupita, ndimabwerera. A NyaMunthali amakhala chapatali pang'ono, akusenda mtedza, ngati mayi wongodikira galimoto. Akaona kuti munthuyo walimbana mokwanira, thukuta latuluka, anansi aona, ankatsokomola. Kachifuwa kouma, kakafupi. Ndikangokamva, ndinkagwa nazo. "Mwandipha! Tengani! Ana anga adya chiyani?" Munthuyo ankapita kwawo akusimba momwe wagonjetsera venda wa mumsika, ndipo bulangetelo linkakhala lake.

Luso lonse linali pa kachifuwa kameneko. Kakafulumira, munthu amamva fungo la chisoni. Kakachedwa, amatulutsa nkhuku yake yotsiriza. Ine pakati pamenepo sindipaona. Chomwe ndinaphunzira m'moyo ndi kupambana basi. Ukandisiya ndekha, ndingachoke ndi chitseko cha mayi wamasiye, iye akundithokoza.

Dzinja lathali tinapita ku Vinthukutu ndi malata a mayi wina amene mphepo inamusasulira denga. Ndinali nditangotchula mbuzi ziwiri, mayiyo asanayankhe n'komwe, ndinamva chifuwa. Ndinadabwa, koma lamulo ndi lamulo. Ndinaloza lichero lomwe linali pakhonde n'kunena kuti ndipatseni limenelo, malata ndi anu.

Mayiyo anandiyang'ana kuyambira kunsapato.

"Mwamva kwa yani kuti ine ndimapemphetsa?"

Analowa m'nyumba, natseka. Malata anatsala panja.

Panjira a NyaMunthali anandikalipira ngati mwana wa sitandade wanu. "Wakuuza ndani kuti ugonje?"

"Munatsokomola, amama."

"Sindinatsokomole ine."

Tinayenda pang'ono. Kenako anaima, natsokomolera m'kansalu, nakapinda msangamsanga, nakabisa m'chikwama. Ine sindinafunse. Anali namwino, ankadziwa chomwe waona. Ine m'mutu mwanga munali malonda owonongeka aja. Sabata yotsatira ndinabwerera limodzi nawo kwa mayi uja, ndikukuwa kuti tsiku lija ndinali nditamwa, lichero silingagule malata, andionjezere. Anatuluka atamanga chitenje m'chiuno, natukwana mtundu wanga wonse mosangalala, ndipo denga linakhomedwa. Ulendo umenewo a NyaMunthali anati azigwetsa mtedza pansi m'malo motsokomola, koma anaiwala, ndipo ine ndinachita kuwayang'ana kumaso kuti ndidziwe chifuwa chenicheni ndi chiti. Aka kanali komaliza kupita nafe.

Koma nkhani yomwe anthu a kalabu amaikumbukira ndi ya a Harawa, zaka zingapo mmbuyomo.

Bambowa anali ndi mabwato, ndipo pa Ngara ankadziwika kuti mayi wamasiye akafika pomwe akukhuthula nsomba, sabwerera ndi mbale yopanda kanthu. Matenda a shuga anawadula mwendo. Atatuluka m'chipatala analowa m'nyumba, osatulukanso. Mabwato anagulitsidwa limodzilimodzi. Mwana wawo wamkazi ndi amene anabwera ku kalabu, nati adada akuuma ngati nsomba ya pathandala.

Njinga inapezeka, koma amene anaipereka anaumirira mwambo, ndipo a Msukwa anapita nayo ndi anzawo awiri, a NyaMunthali asakudziwa. Njingayo inali ndi riboni, ndi mawu olembedwa kumbuyo onena kuti ndi mphatso. A Harawa sanatsegule. Anangoyankhira m'kati kuti opemphetsa ali kudepoti, akaipereke kumeneko.

A NyaMunthali sanakalipe, zomwe zinatiopsa kwambiri. Anaisiya njingayo pakati pa matumba a mpunga mpaka nkhaniyo itazizira. Kenako anandiuza kuti ndipale mawu aja, ndiipake utoto wina woipa, ndiiyendetse m'matope. Tinaikweza pa matola.

Iwo anakakhala pakhonde la a Harawa ngati namwino wobwera kudzaona chilonda. Ine ndinaima pansi pa mtengo wa mango pafupi ndi zenera, n'kuyamba kuitanira malonda kwa anyamata a usipa: njinga yonyamula mabeseni, ya ku Mbeya, yosafuna mafuta. Wina anati ndiiyendetse aone. Ndinakwera, ndinapalasa, inakhota yokha, ndinakagunda thandala la eni ake, usipa mbwee pansi. Sizinali zokonzekera. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi.

Mawu anatuluka pazenera. "Iwe chitsiru! Manja amakoka pamodzi. Sunagwirepo nkhafi?"

"Pepani adada, iyi si ya madala. Imafuna mapewa."

Kenako: "Ukugulitsa bwanji?"

"Bwato."

Anandinena mawu ena a Chitumbuka omwe sindingalembe. Chitseko chinatseguka. Anatuluka chokwawa, manja pansi, mwendo umodzi ukukokedwa kumbuyo, ndevu zitafika pachifuwa. Aka kanali koyamba kuti anansi awaone chichokereni m'chipatala. Mwana wawo anathamanga kuti awagwire, koma a NyaMunthali anamukoka chitenje, maso ali pa mtedza wawo. Palibe anawathandiza. Anafika pakhonde okha, natsamira mzati.

"Bwato la agogo ako? Chitsulo chopindika ichi?"

Tinayamba. Mthunzi wa mango unachoka pomwe ndinaima, ine ndili pomwepo. Ndinatsika kuchoka pa bwato kufika pa ukonde, pa ukonde kufika pa nyali za usodzi. Iwo anati thumba la chinangwa, n'kuonjeza kuti akundichitira chifundo. Anapeza zilema pa njingayo zomwe ine wogulitsa sindinazione. Mawu awo ankakula, anansi ankawavomereza. Atatchula beseni la usipa, ndinadziwa kuti tafika. Ndinatchera khutu. Chifuwa panalibe. Ndinakana. Anaonjeza nkhuku. Panalibe. Ndinayamba kuganiza kuti a NyaMunthali agona.

Kenako a Harawa anauza mwana wawo kuti alowe m'nyumba akatenge chomwe chili kuseri kwa chitseko. Anatuluka ndi nkhafi. Yakale, yakuda pogwirira, yosalala ngati mwala wa mumtsinje. Anaigoneka pamwendo pawo, naisisita, naiponya pamapazi panga.

"Imeneyo yagwetsa mitengo ya nsomba msika wonse wa kwanu. Tenga, uchoke."

Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinafuna kubwerera ku mtengo wotsika. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti usipa uja ukwanira. A NyaMunthali anatsokomola.

Tinakwera matola kubwerera, n'kudutsa theka la njira. Kenako ndinawafunsa a NyaMunthali kuti bwanji tamulanda munthu chinthu chokhacho chomwe chatsala. Anandiyankha kuti nkhafi ikakhala kuseri kwa chitseko, mwini wake amadikira kuti mwendo umere. Anati usipa ukanagula njinga ya kalabu, koma bambo aja ankafunika njinga yawo. Sindinavomereze, ndipo mpaka pano mbali ina ya mtima wanga sinavomereze. Koma mwezi usanathe a Harawa anali atameta, akupalasa mumsewu wa Ngara ndi mabeseni kumbuyo, akugula usipa kwa anyamata omwe anawaphunzitsa okha usodzi, ndi kuwanyoza kuti sadziwa kuyanika. Nkhafi ija a NyaMunthali anaikhomera pakhoma, pamwamba pa kireti yawo. A Msukwa atafuna kuijambula, anawauza kuti ayese aone.

Lachinayi lija linafika. Linali tsiku la Che Sumaili kupemphera, ndipo anapemphera mwachidule. A Msukwa anagogoda botolo. Maso awo anali ofiira, ndipo anali atagula kale tayala ndi ndalama za m'thumba mwawo, chifukwa ndinali nditawauza za uthenga wa kumanda. Anakangana ndi a NyaMunthali zaka zonsezi, koma bokosi ananyamula nawo mpaka kudzenje osalola wowalandira. Analankhula nthawi yaitali, ndipo palibe ananyamuka.

Panja panamveka odi. A Harawa anali atatsika pa lole ya nsomba, beseni lovundikira ndi nsalu lili pamwendo. Njinga sikanatha kulowa chifukwa kireti inali itatseka mbali ya khomo, ndipo palibe anaisuntha. Anaima pomwepo, pambali pake.

A Msukwa anatenga tayala ndi manja awiri. "Adada, ili ndi lanu. Lero palibe kulipira. Tikukumbukira amama."

Ananena ndi mtima wabwino, ndikudziwa. A Harawa anawayang'ana, kenako anaika beseni pansi, nayamba kumasula kapilo komwe amakhalira. "Ndiye mutenge ndi njinga yomwe. Wina andiitanire kabaza."

Pakamwa panga panayamba pokha, ine ndikumvera ngati akulankhula wina.

"Palibe kulipira? Bwana wapampando, munaligula ndinu koma wogulitsa ndine. Ili ndi tayala la ku Mbeya, adada, silifanana ndi zingwe mwamangazo. Mbuzi."

Manja awo anaima pa kapilo paja.

"Mbuzi? Tayala lopyapyala ngati chitenje chako?"

"Yaikazi. Ya bere."

"Wakuba iwe. Amayi ako anakuberekera pa boda."

Tinapitirira. Ndinatsika kufika pa nkhuku ziwiri. Iwo anavundukula beseni, nati theka. Ndinati usipa wa mchenga umenewo ngakhale mphaka angaubweze. Anati lonse. Ndinakana, chifukwa kukana ndi komwe ndimadziwa. Maso anga ankangopita pa kireti. Anaonjeza nsalu yovundikira. Ndinakana. Che Sumaili ankandiyang'ana, a Msukwa ankandiyang'ana, ndipo ine sindinkadziwa ngati tafika, kapena tadutsa, kapena tikadali kutali. Ndinaona a Harawa akuyamba kumasula wotchi pamkono.

Analekeza pakati. Anatembenuka, nayang'ana kireti ija kwa kanthawi.

"Apatu mayi aja akanatsokomola kale," anatero.

Che Sumaili anaika kapu yawo pansi.

"Munkadziwa, adada?" anafunsa Che Sumaili.

"Wandichokera ndi mwendo, makutu ndili nawo onse. Iwe Beigani, maliza ntchito yako. Lole indisiya."

Ndinadziguguda pachifuwa. "Mwandipha, adada. Tengani. Ana anga adya chiyani." Mawuwo anatuluka ngati ndikuwerenga chikwangwani cha pamsewu. Iwo anamanganso wotchi yawo, nalandira tayala, nalipinda, nalinunkhiza, nati ndawabera ndithu koma Mulungu akuona. Anapalasa kupita kwa wokonza njinga.

Kireti ili pomwepo. Ndi yofiira, yosweka ngodya imodzi, pamwamba pake pali katoni yopinda yomwe inaphwatalala ndi kukhalidwa. Simenti ya patsogolo pake ndi yosalala pomwe nsapato zawo zinkakhula a Msukwa akatalikitsa nkhani. M'mphepete mwa khoma mukadali makoko a mtedza omwe tsache silifikako. Pamwamba pali nkhafi, pa misomali iwiri. Aliyense wolowa amalambalala malowo pang'ono, ngati pali mapazi oti angawaponde. Shuga tsopano aliyense amathira yekha, ndipo tiyi sakoma.

Lachinayi lija tebulo linali lodzaza makapu, pansi panali matumba a mpunga, ndipo malo okhawo oika beseni la usipa anali pa kireti. Che Sumaili analinyamula, napita nalo mpaka pomwepo, naima. Kenako anabwerera pampando wawo, nalikhazika pamiyendo, nalifungatira mpaka a Msukwa atagogoda botolo.